Mwana wa Eni Ake

Achimwene anga a Vitus ndi munthu woti mukawaponda phazi, iwo ndi amene amapepesa kuti phazi lawo linali panjira. Ine Rhoda, mlongo wawo, ndinatenga pakamwa ponse pa banja lathu, iwo n'kutsala ndi manja. Koma manja ake ndi manja ndithu. Kuyambira ali mnyamata kwathu ku Chiosya akhala akukhoma ndowa, mbaula, nyale za koloboyi ndi makeni othirira nazale ya fodya. Lata lakutha loti inu mungataye kudzala, iwo amalitembenuza uku ndi uku n'kutulutsamo chidebe chosadontha. Kulankhula ndiye ayi. Mukawafunsa kanthu amayamba ayang'ana pansi ngati yankho analigwetsa.

Anakakwatira kwa Kapondo, kwa alamu anga a Esitele, ndipo anakhala komweko pa chikamwini monga timachitira ife. Anamanga nyumba pa dothi la eni, analima mtedza ndi fodya m'munda wa eni, ndipo ana amene anabereka anali a eni. Mawu otsiriza pa anawo anali a atsibweni awo, mwini mbumba, mlongo wake wa a Esitele, dzina lawo a Lameki. Tsono a Lamekiwo anali atapita kalekale ku Zambia, ati ankayang'anira ng'ombe pa famu ina kupitirira Lusaka, ndipo kumudzi ankaoneka mwa apo ndi apo ngati kadamsana. Palibe amene ankaona vuto. Inenso sindinkaliona, chifukwa kwa ana anga mwini mbumba ndi a Vitus omwewo. Mwana wanga akadwala kwambiri kapena akapalamula, amuna anga sankasuntha phazi uthenga usanapite kwa Kapondo.

Mwana woyamba wa a Vitus anali Tiyamike. Ameneyu anakulira pambali pa nyundo. Bambo ake akamakhoma, iye ankawagwirira lata, n'kumawalongolotsa nkhani za kusukulu mpaka ndowa kutha, iwo akungoti "eya, eya". Mutu wake unali wakuthwa ndipo lilime anatengera ine, azakhali ake. Tsiku lina anaperekeza bambo ake kukagulitsa mbaula ku boda ya Zambia, n'kuonako mayi wina atavala yunifolomu, akuimika madalaivala a mathiraki pamzere ngati ana a sukulu. Kuyambira pomwepo ankangoti iye akadzamaliza sukulu adzagwira ntchito pa boda, azidzadinda mapasipoti. Tinkamuseka, koma pansi pa mtima tinkakhulupirira kuti zitheka.

Zinayamba mu 1998, ali Fomu 2. Zinayamba pang'onopang'ono, moti wina aliyense anali ndi dzina lake lozitchula. Anasiya kupita ku kwaya. Ankakhala pakhonde buku lili chitsegulire, maso ali kwina. Wailesi ya bambo ake anaitembenuza kuti iyang'ane kukhoma, ati muulutsi akunena za iye. Kumjigo ankaseka yekha, nthawi zina n'kutseka makutu ndi zikhatho. Amayi a pamudzi anati ndi chibwenzi, ena anati mabuku amuchulukira m'mutu, ndipo mayi ake anachita kumutengera kuseri kukamuona ngati ali ndi pakati. Kenako anayamba kukana chakudya, ati muli zinthu. Ankadya chokhacho chimene bambo ake ayamba alumako iye akuona. Mbatata, chimanga chootcha, ngakhale madzi akumwa, zonse zinkayenera kuyamba zadutsa pakamwa pa a Vitus.

Amene anazindikira kuti awa ndi matenda anali a Vitus omwewo, chifukwa munthu wosalankhula amaona zambiri. Anandiuza kuti pamene ankakhoma, mwanayo ankatembenukira kumbali kopanda munthu n'kumayankha monong'ona, mwaulemu, ngati akuyankha mkulu. Atamufunsa, anati pali anthu awiri amene amamunena tsiku lonse, ndipo nyundo ikamalira ndi pokhapo pamene amakhalako chete. Anawapempha kuti asamasiye kukhoma.

Mwezi womwewo a Vitus anaitanidwa ku chipatala chaching'ono cha kuderalo kukakonza ndowa zodontha. Ali pantchitoyo anadzilimbitsa mtima n'kuwafotokozera anesi ena achikulire zonse zimene ankaona. Anesiwo sanawaseke. Anati matenda amenewa amawadziwa, amakonda kugwira anyamata ndi atsikana a msinkhu womwewo, ndipo ali ndi mankhwala ake. Anati kuchokera ku boma kumabwera nesi wina amene anaphunzira za matenda a muubongo okhaokha, ndipo akamuona mwanayo akhoza kumuyambitsa mankhwala, mwinanso sukulu n'kupitiriza. Koma anawagwira mkono n'kuwauza mawu amene achimwene sanawaiwale mpaka lero.

"Bambo, musachedwe naye. Matendawa akangoyamba kumene amamva mankhwala. Mukawasiya akhazikike, amadya munthu pang'onopang'ono, ndipo chimene adya sabweza chonse."

A Vitus anabwerera kunyumba ali ndi chimwemwe ngati atola ndalama. Anawauza akazi awo, ndipo a Esitele anavomera, poti mayi ndi mayi. Tsiku limene nesi wa ku boma ankabwera litafika, anapopa njinga, anamanga kapilo pa kaliyala, Tiyamike anasamba yekha n'kuvala diresi lake la kutchalitchi. Anakwera osavuta, manja atagwira malaya a bambo ake. Sanafike n'komwe pamsewu. Pa kanjira kotulukira m'mudzi anapeza a Luwiza, akulu ake a Esitele, ataima pakati ndi amayi ena awiri a pabanjapo, manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwana wa eni mukupita naye kuti?"

A Vitus anafotokoza bwinobwino, chipewa chili m'manja. A Luwiza anati zimenezo amva kale, koma matenda oseka wekha si a chipatala, ndi ochita kuponyeredwa ndi anthu. Anati munthu wotere akangobayidwa jakisoni basi, misala imakhazikika mpaka kalekale, mwinanso kufa kumene. Nanga akafera m'manja mwa mkamwini, a Lameki akadzafunsa adzayankhe ndani? Anati palibe chochitika mpaka mwini mbumba abwere adzaone yekha.

"Ndikupempha tsiku limodzi lokha," anatero a Vitus. "Madzulo ano ndibwera naye."

"Tambala wobwereka sawerenga anapiye," anayankha a Luwiza. "Mutsitseni mwanayo."

Ndipo anamutsitsa. Abale inu, anamutsitsa! Pamene ndinamva zimenezi ndinayenda wapansi kuchokera ku Chiosya mtima ukuchita kutentha. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukhoma keni, Tiyamike atakhala pambali pawo. Ndinawauza kuti ndi amuna a mtundu wanji, kuti angodzuka m'mamawa anthu asanatsegule zitseko n'kumuba mwanayo, zamilandu tidzaona pambuyo. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma. Kenako anandifunsa mofatsa kuti, tsiku lina amuna anga atadzanyamula mwana wanga kupita naye kumene iwo a Vitus akaniza, ine ndidzaima mbali iti. Anawonjezanso china chimene sindinkachidziwa. Chaka chimenecho fodya wawo anachita bwino, ndiye pamudzi panali patayamba kale manong'onong'o akuti mkamwini wakhwimira mwana wake kuti alemere, umboni wake ndi womwewo woti mwanayo amadya za m'manja mwa iwo okha. Akanamuba, anthu akanati akukabisa zimene anachita, ndipo akanawathamangitsa pamudzipo. Tsono akanachoka, mwanayo akanamulumira chakudya ndani?

Choncho anayamba kusaka a Lameki. Masiku amenewo mafoni a m'manja kumudzi kunalibe, ndipo dzina lenileni la famuyo palibe ankalidziwa bwino. Achimwene ankapalasa njinga mpaka ku boda, n'kumayenda thiraki ndi thiraki pamzere wa magalimoto odikira kuwolokera ku Mwami, kufunsa madalaivala ngati akudziwa Mmalawi wina wamtali, wa mpata kumano, woyang'anira ng'ombe kupitirira Lusaka. Ena ankawaseka kuti, mdala, Zambia si mudzi. Ena ankavomera kuti uthenga akafikitsa, n'kulandira mbaula yaulere. Anyamata osintha ndalama anafika powazolowera, akangowaona ankakuwa kuti abwera aja osaka mlamu. Ankabwerera dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu, ndipo mwana ankamupeza asanadye kanthu chichokereni iwo.

Mvula inagwa, inatha. Fodya anathyoledwa, anagulitsidwa. Tiyamike sukulu anasiya. Anesi achikulire aja anatumizapo uthenga kawiri kufunsa kuti mwana uja bwanji, kenako anawasamutsira kwina. Pabanjapo sikuti ankangokhala, ayi, ndisawanamizire. Anaitana anthu a mapemphero amene anamukuwira m'makutu masiku angapo kuti chiwanda chituluke, mwana n'kuchita mantha koposa kale. Anamufukiza mizu, anamutemera mphini. Zonsezi ati zinali zongoyembekezera, zosafuna chilolezo cha mwini mbumba. Chipatala chokha ndi chimene chinkafuna chilolezo.

Chaka chachiwiri Tiyamike anayamba kuthawa. Ankangodzuka n'kulowera kumene mawu aja amutuma, n'kukapezeka m'minda ya eni, miyendo ili magazi okhaokha ndi minga. Tsiku lina anatentha mabuku ake onse ndi yunifolomu, moto n'kutsala pang'ono kugwira chigafa cha fodya cha a Luwiza. Apo mpamene banja linagwirizana kuti amangidwe. Ndipo poti pamudzipo wodziwa zitsulo anali mmodzi, anapita kwa a Vitus kukawauza kuti akonze unyolo. Mwamva? Munthu amene analibe mphamvu yotengera mwana wake kuchipatala tsiku limodzi, mphamvu yomusulira unyolo anali nayo. Ine ndikanawaponyera nyundo kumaso. Iwo anaganiza kuti akakana, anthu amumanga ndi waya kapena chingwe cha khonje chimene chimadya mnofu. Anakhala tsiku lonse akusula mkombero wa pamwendo, anaupala kuti usalale, n'kuukulunga ndi chubu cha njinga kuti usamucheke. Pomuveka, Tiyamike anatambasula mwendo yekha chifukwa anali bambo ake. Atamaliza anapita kuseri kwa nkhokwe, ndipo a Esitele anandiuza kuti aka kanali koyamba kumva amuna awo akulira mokweza.

A Lameki anatulukira patatha pafupifupi zaka ziwiri, atavala jekete lachikopa, Chichewa chawo chitasakanikirana ndi Chinyanja cha ku Lusaka. Uthenga ati unawapeza kalekale, koma bwana sankawapatsa tchuthi. Sindinganene kuti anali munthu woipa mtima. Ataona mwana wa mlongo wawo ali pa unyolo, tsitsi litapotana, anagwetsa misozi. Koma munthu amene wabwera mochedwa amafuna aoneke kuti wabwera ndi nzeru. A Vitus atafotokoza za anesi aja, iwo anapukusa mutu n'kunena kuti za chipatala n'zotaya nthawi, akudziwa sing'anga wina kutsidya, cha ku Chipata, amene anachiritsa anthu oposa apa. Anamutenga okha kudzera njira zachidule za m'malire, n'kukamusiya kumeneko pamodzi ndi mayi ake. Iwo anapitirira ulendo wa ku ng'ombe zawo, atasiya mawu akuti mankhwala a sing'angayo asasakanizidwe ndi ena alionse mpaka adzabwerenso.

Anakhalako miyezi yambiri. Kumeneko kunalibe womulumira chakudya, ndiye ankachita kumutsegula pakamwa ndi supuni. Anabwerako ataonda ngati chitsotso, mutu atamumeta, wosalankhulanso ndi munthu. Kale ankati akaona ine ankandiseka kuti azakhali mwanenepa ngati dzungu. Ulendo uwu anangondiyang'ana ngati akuyang'ana chitsa. Ndinakhala naye pansi n'kumuimbira nyimbo za kwaya zimene ankazikonda, koma milomo yake inkangoyenda yokha kuyankha anthu ake aja. Ndinabwerera ku Chiosya ndikulira njira yonse, ndipo ndinatukwana aliyense amene anandipatsa moni.

Kenako inabwera njala ya 2002. Amene anaiona safuna kuikumbuka. Anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndowa panalibe wogula, ndipo aliyense ankachoka m'mamawa kukasaka ganyu. Achimwene anagulitsa wailesi, mbuzi, mpaka malata amene ankasungira ntchito. Panalibe wotsala pakhomo kuti ayang'anire wodwala, ndiye tsiku lina a Esitele, poona kuti mwana angafere pa unyolo ndi ludzu, anamumasula asanapite kuganyu. Pobwera anapeza palibe.

Anamusaka m'midzi yonse, m'madambo, mpaka m'zitsime. Amene anabweretsa uthenga anali mmodzi wa anyamata osintha ndalama aja. Ati ku boda kwafika mtsikana wamisala amene akuima pakati pa msewu kuimitsa mathiraki, kulamula madalaivala kuti amuonetse mapasipoti. Anthu ankamuseka n'kumamuponyera makoko a nthochi, mpaka iye anatola mwala n'kuswa galasi la thiraki ina. Anamumenya, anamumanga manja ndi lamba, n'kumukweza pa galimoto kupita naye ku chipatala cha pa boma. Umu ndi mmene Tiyamike anafikira kuchipatala, osati pa njinga ya bambo ake ndi diresi la kutchalitchi, koma atamangidwa ngati mbuzi yopita kumsika, patapita zaka zinayi.

A chipatala anati matenda afika patali, ayenera kupita ku Zomba kumene kuli chipatala cha matenda amenewa, ndipo pakufunika wachibale womuperekeza. Pamenepo panalibenso wotchula dzina la a Lameki. A Luwiza anangoti, pitani naye alamu, ife tilibe mphamvu. Achimwene anapita. Anandiuza kuti kumeneko anawalandira bwino, ndipo dokotala wina wachinyamata anakhala nawo pansi n'kuwafunsa kuti zinayamba liti. Iwo anafotokoza zonse, za wailesi, za mbatata, za anesi achikulire aja. Dokotalayo anasiya kulemba n'kuwafunsa kuti, ngati anaziona msanga chotero, n'chifukwa chiyani sanabwere naye nthawi yomweyo.

"Ndinkadikira mwini wake," anatero a Vitus.

"Nanga inu ndinu ndani wake?"

"Ndine bambo ake chabe."

Dokotalayo sanawakalipire, ndipo achimwene amati bola akanawakalipira. Anangowauza zoona, kuti mankhwala awachepetsa mawu aja ndipo mwanayo adekha, koma asayembekezere kuti mtsikana wa Fomu 2 uja abwerera yense. Akanabwera chaka choyamba chija, mwayi unali waukulu. Anati chofunika tsopano n'kusadumphitsa mankhwala, chifukwa matendawa akabwereranso amatenganso kena.

Anabwerako patapita miyezi ingapo. Unyolo sunafunikenso. Tiyamike ankasamba akauzidwa, ankasesa pabwalo, ankayankha moni. Koma ankayenda mouma ngati wanyamula mtsuko pamutu, manja ankanjenjemera, ndipo nkhope inali yosasekanso kapena kukwiya. A Luwiza anayamba kuuza anthu kumjigo kuti mwaona, tinkanena ife, jakisoni wamusandutsa chitsiru. Ndinakawapeza komweko n'kuwauza mawu amene sindingawabwereze pano, moti anachita kutilekanitsa. Koma kodi zinathandiza chiyani? Mankhwala ankafunika kukatenga mwezi ndi mwezi, ndipo achimwene ankapalasa njinga mtunda wonsewo, nthawi zina n'kukapeza atha, n'kubwerako chimanjamanja. Ulendo wina atachokapo kudzatithandiza maliro kuno, apabanjapo anamusiyitsa mapiritsi kuti ati thupi lipume. Mawu aja anabwerera, ndipo pamene anadzadekhanso anali ataiwala ngakhale kuwerenga dzina lake pa chikuto cha buku la kuchipatala.

A Esitele anamwalira mu 2005. Anadwala chifuwa nthawi yochepa, koma ine ndimati anafa ndi mtima, chifukwa mayi uja anakhala zaka zonsezo ataima pakati pa amuna ake ndi abale ake, osatha kukana uku kapena uku. A Lameki anabwera pamaliro, ndipo ulendo uwu anabwereratu, famu ija ati inagulitsidwa. Itakwana nthawi yake, anaitanitsa ife akuchimuna kuti adzasudzule achimwene. Mwambo wake timaudziwa tonse: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa, amatenga zovala zake ndi zipangizo zake n'kubwerera kwawo, ana ndi nyumba n'kutsala kwa eni. Ndinapita nawo monga mlongo wawo. Usiku wonse wa dzulo lake ndinali nditakonza mawu oti ndikamenyere nkhondo kuti awalole azidzamuona Tiyamike ndi kumubweretsera mankhwala.

Tinakhala pabwalo. A Lameki anayamika a Vitus kuti anakhala bwino pamudzi, sanayambanepo ndi munthu, anamanga nyumba yabwino. Anati ana ang'onoang'ono awiri, amene anali atayamba kale kugwira khasu, atsala ndi a Luwiza monga mwa mwambo. Kenako anakhosomola, anayang'ana a Luwiza, a Luwiza anayang'ana pansi. Anati koma pa nkhani ya Tiyamike banja lakambirana, ndipo laona kuti poti mwanayo amamvana ndi bambo ake, amadya za m'manja mwawo, ndiponso za mankhwala akewo amazidziwa ndi iwo, si bwino kuwalekanitsa.

"Mwana ndi wanu, alamu," anatero a Lameki. "Magazi ndi anu. Mutengeni."

Mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Ndinayamba kudzuka, koma achimwene anandigwira chitenje. Anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chawo. Atadzutsa mutu analankhula motsitsa, koma pabwalo ponse anamva.

"Ndinapempha tsiku limodzi, munandimana. Lero mwandipatsa masiku onse. Zikomo, ndamulandira."

Wina anayamba kukamba za mvula, wina anapita kukathamangitsa nkhuku. Ine ndinanyamula nyundo ndi zitsulo zawo m'thumba n'kutsogola pa matola, iwo anati abwera pambuyo pa njinga. Anamanga kapilo pa kaliyala ngati kale lija. Pa kanjira kotulukira m'mudzi panalibe woima pakati.

Anafika kuno ku Chiosya dzuwa likulowa, ndipo ndinaona kuti maso awo ndi ofiira. Ndinaganiza kuti ndi fumbi. Tiyamike ndinamulowetsa m'nyumba imene tinawakonzera, ndinamupatsa madzi osamba, kenako ndinatuluka kukawapeza atakhala pa mpando wa njinga, osatsitsa n'katundu yemwe. Ndinawafunsa ngati anthu aja anawanenanso kanthu. Anati ayi. Anati njira yonse mwanayo anali chete, manja atagwira malaya awo. Koma atafika pa mphambano pamene msewu umapatukira ku chipatala chaching'ono chija, anawakoka malaya n'kulankhula ndi mawu ake akale, omveka bwino, amene anali asanawamve zaka zambiri.

"Ababa, mwapitirira. Si paja munati anesi akutidikira?"

Ndinawafunsa kuti anamuyankha chiyani. Anati anangopitiriza kupalasa.

Ali kuno mpaka lero. Achimwene tsitsi layera, maso ayamba kuchita chidima, koma amakhomabe ndowa pansi pa mtengo, Tiyamike atakhala pambali pawo, lata lili m'manja ngakhale saligwira molimba. Kumayambiriro kwa mwezi amapalasa njinga kukatenga mankhwala. Ana anga amati atsibweni akadzatisiya, Tiyamike adzatsala ndi ife, ndipo ine ndimavomera ndi mtima wonse. Koma ndayesapo kangapo kumulumira mbatata n'kumupatsa, iye amangoiyang'ana, n'kuikankhira kwa bambo ake.